Tinaonera limodzi, nanga tikutsutsiranani? Mafunso ndi mayankho pa za masewera, sayansi, chikhalidwe ndi atolankhani

Anthu akakhala pansi n'kuyamba kucheza, nkhani sizichedwa kufika pa mpira wa dzulo, pa zimene asayansi akuti apeza, pa mmene ana a masiku ano asinthira, ndi pa zimene zalembedwa m'nyuzipepala. Zambiri mwa zimenezi sitinazione ndi maso athu. Wina anaziona, anasankha zoti atiuze, ife n'kulandira. Ngakhale zimene tinaona tokha, sitiziona mofanana. Mafunso ali m'munsiwa ndimawamva kawirikawiri, ndipo ena anandisowetsapo tulo ineyo. Ndawayankha monga munthu wokonda mpira amene tsiku silimuthera asanawerenge nkhani.

N'chifukwa chiyani anthu awiri amene aonera mpira womwewo amatsutsana pa zimene zachitika?

Madzulo ena ine ndi achimwene anga tinkaonera mpira pa wailesi ya kanema, titakhala pa mpando umodzi. Wosewera wa timu yanga anagwa m'bokosi. Ine ndinaona bwinobwino phazi la wotchinga kumbuyo likumukola. Achimwene anaona munthu akudzigwetsa dala kuti apeze penate. Malowo anawabwereza katatu mochedwetsa, ndipo ulendo uliwonse tonse awiri tinkaloza galasi ndi chala. Ine: "Onani achimwene, wamupondatu apa!" Iwo: "Iwe, munthuyu wayamba kugwa asanamukhudze n'komwe." Panalibe wonama pakati pathu.

Zoterezi zinayesedwapo. Mu 1951, ku America, matimu a mayunivesite a Princeton ndi Dartmouth anasewera mpira wa kwawoko mwankhanza kwambiri, moti wosewera wotchuka wa Princeton anathyoka mphuno, wina wa Dartmouth n'kuthyoka mwendo. Akatswiri awiri ofufuza kaganizidwe ka anthu, Albert Hastorf ndi Hadley Cantril, anaonetsa ophunzira a mbali zonse filimu imodzimodzi ya masewerawo n'kuwapempha kuti awerenge zolakwa. Zolakwa za Dartmouth zimene ophunzira a Princeton anawerenga zinaposa kuwirikiza kawiri zimene ophunzira a Dartmouth anaona pa timu yawoyo.

Mtima umafika pa bwalo maso asanafike. Chimene chimandithandiza ndi kudzifunsa kuti, wagwayo akanavala yunifomu ya timu inayo, ndikanaona chiyani? Funso lomweli ndimalitenga ndikamawerenga nkhani yonena za munthu amene sindimukonda.

Nanga VAR, njira yothandiza woyimbira poonanso kanema wa zimene zachitika, siinabwere kudzathetsa mikangano yotere?

Makina amathetsa mikangano ina, koma ina sangaithe, ndipo kudziwa kusiyana kwa mitundu iwiriyi kumathandiza ngakhale kutali ndi mpira.

Pali funso limene lili ndi muyeso. Pa 27 June 2010 ku Bloemfontein, England ikutsalira 2-1 kwa Germany, Frank Lampard anaponya mpira umene unagunda chitsulo cha pamwamba, n'kugwera mkati mwa golo, kenako n'kunjanjira kunja. Dziko lonse linaona pa kanema kuti walowa, koma woyimbira ndi womuthandiza sanaone, ndipo Germany inapambana 4-1. Pofika pa World Cup ya 2014 ku Brazil, makamera oyang'anira mzere wa golo anali ataikidwa. Mpira wonse ukangodutsa mzere, wotchi ya woyimbira imalandira uthenga pasanathe sekondi imodzi. Kuyambira pamenepo mikangano yoti walowa kapena sunalowe ndi yosowa.

VAR, imene inayamba kugwira ntchito pa World Cup mu 2018 ku Russia, inasenzetsedwa katundu wolemera kuposa pamenepo: kuunika zigoli, mapenate, makhadi ofiira, ndi pamene woyimbira walanga munthu wosalakwa m'malo mwa mnzake. Kodi dzanja lija linatambasuka dala? Kodi kukankha kuja kunali kokwanira kugwetsa munthu? Amenewa alibe muyeso. Kamera imangochulukitsa zithunzi, koma woweruza akadali munthu. Komanso chithunzi chikachedwetsedwa, kugundana wamba kumaoneka ngati kokonzekera. Ine ndimaiyamikira VAR ikakonza cholakwa chachikulu, koma zimandipweteka kuti masiku ano chigoli chikalowa munthu umayamba wayang'ana woyimbira usanadumphe.

Kodi nkhani zoti wosewera wakutiwakuti akupita ku timu ina n'zodalirika?

Zambiri ayi. Yambani mwafunsa kuti akupindula ndani nkhaniyo ikamveka. Wosewera wotchuka amakhala ndi womuimira amene amadyapo wosewerayo akagulitsidwa kapena akasaina kontrakiti yatsopano. Akafuna kuti malipiro akwere, njira yachidule ndiyo kunong'oneza mtolankhani kuti matimu awiri akumulimbirana. Timu yofuna kugulitsa imachitanso zomwezo kuti mtengo ukwere. Mphekesera ikalephereka palibe amene amabwerera kukafunsa wolemba uja. Zina zimachitikadi, ngakhale zooneka zosatheka: mu 2017 Paris Saint-Germain inalipira mayuro 222 miliyoni kuti ichotse Neymar ku Barcelona. Koma inu dikirani timu ilengeze yokha.

Mpira ndimaudziwa bwino. Sindingapindule ndi kubetcha?

Ndiyankha ndi masamu, chifukwa pa nkhani iyi ndaona anthu anzeru akupwetekeka. Tiyerekeze kuti matimu awiri ndi ofanana mphamvu ndipo payenera kupezeka wopambana. Pachilungamo, woika 100 anayenera kulandira 200 akalosera molondola. Kampani yobetchetsa imalonjeza mwina 190. Anthu awiri akabetcha mbali ziwirizo, kampani yalandira 200, yabweza 190, yatsala ndi 10, kaya wapambana ndani. Mukalumikiza masewera 10 pa tikiti imodzi, kagawo kaja kamadulidwa pa masewera alionse, moti pomaliza kampani imakhala itatsala ndi pafupifupi 40 pa 100 iliyonse imene anthu aika pa matikiti otero. Ndiye chifukwa chake matikiti ataliatali ndi amene amatsatsidwa kwambiri.

Leicester City itatenga ligi ya England mu 2016, atolankhani anasakasaka anthu ochepa amene anaibetchera pa 5,000 kwa 1. Nkhope zawo tinaziona. Za anthu miyandamiyanda amene anang'amba matikiti chaka chomwecho palibe amene analemba.

Othamanga ndi osambira a masiku ano akuphwanya marekodi chifukwa cha luso kapena zipangizo?

Zonse ziwiri, ndipo malire ake amaikidwa ndi anthu atakhala pa msonkhano. Pa 12 October 2019 ku Vienna, Eliud Kipchoge wa ku Kenya anathamanga mtunda wa marathon, makilomita 42 ndi mamita 195, mu ola limodzi, mphindi 59 ndi masekondi 40. Miyendo inali yake, thukuta linali lake. Koma nthawiyo siinawerengedwe ngati rekodi, chifukwa panali magulu a othamanga osinthanasinthana omutchingira mphepo, galimoto yomutsogolera liwiro, ndipo sunali mpikisano wotsegukira aliyense. Nsapato zimene anavala zinautsanso mkangano, ndipo mu 2020 bungwe la World Athletics linalamula kuti chidendene cha nsapato zothamangira pa msewu chisapitirire mamilimita 40. Osambira anadutsamo kale m'zomwezi. Pa mpikisano wa dziko lonse wa 2009 ku Rome, marekodi 43 anagwa, ambiri atavala zovala zatsopano zothina zothandiza thupi kuyandama, ndipo chaka chotsatira zovalazo zinaletsedwa.

Mankhwala owonjezera mphamvu ndi nkhani ina, chifukwa pamenepo pali kubisa. Lance Armstrong anapambana mpikisano wa njinga wa Tour de France maulendo 7 otsatizana, kuyambira 1999 mpaka 2005, akukana ndi mtima wonse. Mu 2012 anamulanda zonse, ndipo mu 2013 anavomera yekha. Masiku ano magazi ndi mkodzo wa ochita masewera zimatha kusungidwa zaka 10 kuti zidzayezedwenso njira zoyezera zikadzapita patsogolo. Paja mlandu suwola.

Asayansi lero anena ichi, mawa anena china. Tiwakhulupirire bwanji?

Funso ili ndi lachilungamo, ndipo yankho langa ndi lakuti kusinthako kuli pa mitundu ingapo.

Kwina ndi kungosintha dzina. Mu 2006, akatswiri a zakuthambo atakumana ku Prague anagwirizana kuti Pluto isamawerengedwenso pa mapulaneti akuluakulu. Pluto siinasinthe, ikuzungulirabe dzuwa monga kale. Chimene chinasintha ndi tanthauzo la mawu, anthu atapeza zinthu zina zofanana nayo kutali komweko.

Kwina ndi umboni watsopano kugonjetsa chikhulupiriro chakale. Kwa zaka zambiri madokotala ankati zilonda za m'mimba zimayamba chifukwa cha nkhawa ndi asidi wochuluka. Madokotala awiri a ku Perth, ku Australia, Robin Warren ndi Barry Marshall, anati ayi, zambiri zimayamba ndi mabakiteriya. Anzawo sanawamvere, poganiza kuti palibe kachilombo kangakhale mu asidi wa m'mimba. Mu 1984 Marshall anamwa dala madzi okhala ndi mabakiteriyawo, ndipo patangopita masiku ochepa anayamba kusanza, m'mimba mwake mutatupa. Ena atabwereza kafukufukuyo anapeza zomwezo. Lero zilondazi zimachizidwa ndi mankhwala opha mabakiteriya, ndipo awiriwa analandira mphoto ya Nobel mu 2005.

Kwinanso ndi kulakwitsa kwenikweni. Mu 2011 gulu la asayansi ku Italy linalengeza kuti tizinthu tina tating'onoting'ono totumizidwa kuchokera ku CERN, malo ofufuzira za sayansi pafupi ndi Geneva, mtunda wa makilomita pafupifupi 730, tafika mofulumira kuposa kuwala. Nyuzipepala zinadzaza ndi mitu yoti Einstein, wasayansi amene anati palibe chinthu chingathamange kuposa kuwala, analakwitsa. Koma eniakewo anapempha anzawo kuti awafufuzire pamene aphonya, ndipo mu 2012 kunapezeka kuti chingwe china cha makina awo sichinalumikizidwe bwino.

Ndiye ine sindikhulupirira wasayansi mmodzi payekha, ngakhale atatchuka bwanji. Chimene ndimadalira ndi dongosolo lakuti zimene wapeza amaziika poyera kuti ena, kuphatikizapo amene akufunitsitsa kumutsutsa, aziyesenso. Dongosololi nthawi zina limachedwa momvetsa chisoni. Mu 1998 magazini ya zachipatala ya The Lancet inasindikiza lipoti la Andrew Wakefield, lochokera pa ana 12 okha, limene linachititsa makolo kuganiza kuti katemera wa chikuku amayambitsa vuto la autism, limene limakhudza kakulidwe ka ubongo wa mwana. Lipotilo linachotsedwa mu 2010, Wakefield n'kulandidwa chilolezo cha udokotala, ndipo kafukufuku wa ku Denmark wa ana oposa 650,000 sanapeze mgwirizano uliwonse. Koma pa zaka 12 zimenezo mantha anali atafika kale m'makomo, ndipo ana ena amene sanabayidwe anadwala chikuku.

Ndikaona mutu wakuti "Kafukufuku wapeza kuti…", ndiyang'ane chiyani?

Yambani ndi kuona kuti anayesa pa ndani. Nkhani zambiri za mankhwala odabwitsa zimachokera pa makoswe a mu labotale kapena pa timaselo ta m'mbale. Ngakhale mwa mankhwala amene afika poyesedwa pa anthu, pafupifupi 9 pa 10 alionse amalephera kufika pa msika.

Kenako funsani kuti anayerekeza ndi ndani. Mu 1747 James Lind, dokotala wa pa sitima yankhondo ya ku Britain, anatenga amalinyero 12 odwala matenda otupitsa nkhama ndi kufooketsa thupi, n'kuwagawa awiriawiri. Onse ankadya zofanana, koma gulu lililonse analipatsa chowonjezera chake: ena viniga, ena madzi a m'nyanja, ena malalanje ndi mandimu. Awiri a malalanje ndi mandimu ndiwo anachira mofulumira, mmodzi mpaka kubwerera pa ntchito patatha masiku 6. Pakanapanda magulu enawo, Lind sakanadziwa chimene chathandiza. Chimfine chimatha chokha, choncho chilichonse chimene munthu wamwa pa tsiku lachitatu chimaoneka ngati ndicho chamuchiza.

Koma msampha umene umakola anthu ambiri ndi mawu akuti "kuwirikiza kawiri". Mu October 1995 akuluakulu oona za mankhwala ku Britain anachenjeza kuti mapilitsi ena atsopano akulera amawirikiza kawiri chiopsezo cha kuundana kwa magazi m'mitsempha. Mawuwo anali oona. Chimene anthu ambiri sanamve n'chakuti chiopsezocho chinachoka pa mayi mmodzi kufika pa amayi awiri mwa amayi pafupifupi 7,000. Amayi ambiri anasiya mapilitsi tsiku lomwelo, ndipo chaka chotsatira mimba zosakonzekera zinachuluka, chikhalirecho mimba payokha imakweza chiopsezo cha kuundana kwa magazi kuposa mapilitsiwo. Mukamva zakuti chinthu chawirikiza, funsani kuti chachoka pa zingati kufika pa zingati.

Kodi sayansi imanyoza nzeru za makolo?

Siyenera kutero, ndipo ikatero imadziluza yokha. Mankhwala amphamvu kwambiri a malungo masiku ano amachokera ku artemisinin, amene amatengedwa m'chitsamba china. Anawapeza ndi Tu Youyou wa ku China pamodzi ndi gulu lake, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, atafufuza m'mabuku akale a asing'anga a kwawo. Poyamba ankawiritsa chitsambacho ndipo mphamvu yake inkatha. Atawerenga malangizo olembedwa zaka zoposa 1,600 zapitazo, oti chitsambacho achiviike m'madzi n'kuchifinya, anazindikira kuti kutentha ndi kumene kunkawononga mankhwalawo. Analandira mphoto ya Nobel mu 2015. Kwinini nayenso anachokera ku khungwa la mtengo wa ku South America.

Komabe tisaiwale kuti gulu la Tu Youyou linayesa zitsamba zambirimbiri zimene mabuku omwewo ankazitama, ndipo zochuluka sizinaphule kanthu. Makolo a mtundu uliwonse anatisiyira zoona zosakanikirana ndi zongoganizira, monga mmene ifenso tidzasiyire zidzukulu zathu. Kuyesa ndiko kupeta, ndipo kupeta sikunyoza mlimi.

Chikhalidwe chikutha chifukwa cha intaneti ndi nyimbo zakunja. Si zoona zimenezi?

Dandaulo limeneli mungalimve m'dziko lililonse ndi m'badwo uliwonse. Ndimalimvetsa, koma ndimaona kuti nthawi zambiri timaopa chinthu cholakwika.

Chikhalidwe chakhala chikubwerekana kuyambira kale. Anthu a ku Africa amene anatengedwa ukapolo kupita ku Cuba anapita ndi ng'oma ndi magule awo m'mutu. Kumeneko zinasakanikirana ndi magitala a ku Spain. Patapita zaka zambiri, nyimbo za ku Cuba zinabwerera pa malekodi ku Kinshasa ndi ku Brazzaville, oimba a kumeneko anazizindikira ngati mbale wobwera ku ulendo, n'kuyamba kuziimba m'Chilingala ndi kalizidwe kawokawo ka gitala. Mu 2021 bungwe la UNESCO linaika rumba ya ku Congo pa mndandanda wa chuma cha chikhalidwe cha anthu onse, monga linachitira ndi reggae ya ku Jamaica mu 2018. Malamulo a mpira wamiyendo analembedwa ku London mu 1863, koma ndani angauze munthu wa ku Brazil, dziko limene latenga World Cup maulendo 5, kuti mpira ndi wachilendo kwawo?

Kubwereka sikupha chikhalidwe. Chimene chimapha ndi kuleka kupanga zako, n'kungokhala wolandira. Pamenepa ndiye pali chifukwa chodera nkhawa, makamaka pa zilankhulo. Pa dziko pali zilankhulo pafupifupi 7,000, ndipo pafupifupi 4 pa 10 zilizonse zili pa chiopsezo choti zitha. Chilankhulo sichifa chifukwa chalandira mawu achilendo. Chimafa tsiku limene makolo aganiza kuti mwana wawo apita patsogolo akapanda kuchilankhula. Chikapita, chimapita ndi miyambi yake, maina a mitengo ndi mbalame, ndi nthabwala zimene sizimveka m'chilankhulo china.

N'chifukwa chiyani nkhani zimangokhala zoipa zokhazokha?

Chifukwa nkhani ndi chimene chachitika mwadzidzidzi, ndipo zoipa zambiri zimagwa mwadzidzidzi pamene zabwino zimakula pang'onopang'ono. Ndege ikagwa ndi anthu 200, dziko lonse limamva. Koma ngozi za pa msewu zimapha anthu pafupifupi 1.2 miliyoni chaka chilichonse, kutanthauza oposa 3,000 tsiku lililonse, ndipo chifukwa amafa mmodzimmodzi m'malo osiyanasiyana safika pa tsamba loyamba. Zotsatira zake munthu amaopa ndege n'kumakhala m'galimoto osamanga lamba.

Mbali inayo ndi iyi. Mu 1990, ana oposa 12 miliyoni ankamwalira asanakwanitse zaka 5. Pofika 2022 chiwerengerochi chinali chitatsika kufika pansi pa 5 miliyoni. Kwa ine iyi ndi imodzi mwa nkhani zikuluzikulu za nthawi yathu ino, koma panalibe tsiku limodzi limene inachitika, choncho panalibe tsiku loilemba. Atolankhani sananame pa zoipa zija. Kungoti zimene amatiuza ndi zachilendo za tsikulo, pamene moyo wambiri uli m'zinthu za masiku onse.

Ndani amasankha zoti timve?

Mukaona nkhani ya kunja yofanana liwu ndi liwu m'nyuzipepala zingapo, musaganize kuti atolankhani angapo aitsimikizira. Kawirikawiri onse aitenga ku mabungwe ochepa ogulitsa nkhani: Associated Press imene inayamba ku New York mu 1846, Reuters ya ku London ya mu 1851, ndi AFP ya ku Paris imene mizu yake imafika mu 1835. Mabungwewa amagwira ntchito mosamala, koma kumene alibe mtolankhani, dziko silimva zambiri. Pa Facebook, TikTok ndi YouTube wosankha ndi pulogalamu ya kompyuta imene imaphunzira zimene zimakuimitsani chala, chifukwa makampaniwa amapeza ndalama pogulitsa nthawi yanu kwa otsatsa malonda. Chimene chimakukwiyitsani chimakusungani nthawi yaitali, ndiye mawa amakupatsaninso china chonga chomwecho.

Akonzi amakonda kunena kuti amangopereka zimene anthu akufuna. Mbiri ya mpira wa amayi imandikayikitsa pa mawu amenewa. Pa 26 December 1920, anthu pafupifupi 53,000 anadzaza bwalo la Goodison Park ku Liverpool kudzaonera amayi akusewera. Chaka chotsatira bungwe loyendetsa mpira ku England linaletsa amayi kusewera pa mabwalo a matimu ake, ndipo chiletsocho chinakhala zaka 50. Pa nthawi yonseyo anthu ankati mpira wa amayi ulibe oonera. Atayamba kuuonetsa pa kanema n'kuupatsa mabwalo akuluakulu, anthu oposa 91,000 analowa m'bwalo la Camp Nou mu 2022 kudzaonera amayi a Barcelona. Anthu sangafune chinthu chimene sanapatsidwe mpata wochiona.

Ndiye atolankhani tingowasiya?

Ayi ndithu. Apolisi atagwira akuluakulu a FIFA pa hotela ina ku Zurich mu May 2015, ambiri anadabwa. Koma mtolankhani wina wa ku Britain, Andrew Jennings, anali atatha zaka zoposa 10 akulemba za ziphuphu m'bungweli, akuthamangitsidwa pa misonkhano yake ya atolankhani. Ntchito yotere singagwiridwe ndi munthu wongolemba maganizo ake pa foni. Imafuna nthawi, zikalata, ndi kulimba mtima.

Ine nyuzipepala kapena wailesi ndimaiyesa ndi zinthu zooneka. Kodi imatchula kumene yatenga nkhani? Kodi munthu amene akunenedwayo anapatsidwa mpata woyankha? Kodi imalekanitsa nkhani ndi ndemanga? Mwini wake ndani, ndipo inayamba yalembapo zomukhumudwitsa? Koposa zonse, ikalakwitsa imavomera poyera? Imene imasindikiza zokonza zolakwa ndimaidalira kuposa imene sinalakwitsepo m'maso mwake.

Uthenga wabwera pa WhatsApp ndipo ukuoneka woona. Ndichite chiyani ndisanautumize kwa ena?

Ndikuuzani zimene zinandichitikira. Usiku wina ndinalandira chithunzi cha basi itagwera mu mtsinje, pansi pake atalemba kuti zachitika madzulo omwewo ndipo anthu ambiri afa. Mtima unagunda, ndipo pasanathe mphindi imodzi ndinali nditachiponya pa gulu la abale. Sindinadziwe kuti msuweni wanga anali pa ulendo tsiku limenelo, foni yake itatha moto. Azakhali anga anachezera usiku wonse akuimba nambala yosayankhidwa. M'mawa msuweni uja anafika bwinobwino, ndipo nditafufuza chithunzi chija ndinapeza kuti chinali cha dziko lina, cha zaka zingapo zapitazo. Azakhali sanandikalipire. Anangoti, "Mwanangu, dzulo ndinalira maliro a munthu wamoyo." Mawu amenewo ndimawakumbukira nthawi iliyonse chala chikamapita pa batani lotumizira.

Bodza limathamanga chifukwa limakonzedwa kuti lidzidzimutse. Ofufuza a ku yunivesite ya MIT ku America, ataunika nkhani pafupifupi 126,000 zimene zinafala pa Twitter, analengeza mu 2018 kuti nkhani yoona inkatenga nthawi yowirikiza pafupifupi ka 6 kuti ifike kwa anthu 1,500 poyerekeza ndi yabodza, ndipo ofalitsa kwambiri anali anthu enieni, osati makina. WhatsApp yomwe inaona vutoli, moti mu 2019 inachepetsa malo otumizirako uthenga umodzi nthawi imodzi kufika pa 5. Tsopano kwabweranso zithunzi zopangidwa ndi kompyuta. Mu March 2023 anthu ambirimbiri anakhulupirira chithunzi cha Papa Francis atavala chijasi choyera chofufuma, chimene sanavalepo.

Zochita zake si zovuta. Uthenga ukakuutsani mkwiyo kapena mantha, ukakuuzani kuti "tumizani msanga asanauchotse", dikirani kaye. Onani ngati uli ndi tsiku, malo ndi dzina la amene anaona. Chithunzi chiikeni pa pulogalamu yofufuzira zithunzi ya Google Lens kuti muone kumene chinayamba kuonekera. Ngati ndi nkhani yaikulu, wailesi kapena nyuzipepala yodziwika ikhala itainena pasanathe maola ochepa. Paja kandimverere anakanena za m'maluwa.

Nanga wotumiza zabodzayo akakhala munthu wamkulu amene ndimamulemekeza?

Musamutsutse pa gulu. Munthu akachititsidwa manyazi pamaso pa ana ndi adzukulu, amaumirira pa bodza lomwelo kuti ateteze ulemu wake. Kumbukiraninso kuti anatumiza chifukwa chokukondani, ankafuna kukuchenjezani. Amalume anga atatumiza uthenga wa mawu wonena za mankhwala ena oti amachiza matenda onse, ndinawaimbira paokha. Ndinayamba ndi kuwathokoza, kenako ndinati, "Amalume, uthenga uja ndaumvetsera, koma wolankhulayo sakutchula dzina lake kapena chipatala chimene amagwirako. Bwanji tifunse kaye adokotala anu musanasiye mapilitsi aja?" Anakhala chete pang'ono, n'kunena kuti nawonso zinawadabwitsa kuti munthuyo sanadzitchule. Madzulo ake analemba okha pa gulu kuti uthenga uja anthu asautsatire, ndipo mapilitsi awo a kuthamanga kwa magazi akumwabe mpaka lero.